Makoko a Mkuwa

Chopanira zipolopolo cha bambo chidang'aluka pakhosi mu Febuluwale,
usiku womwe madzi a akavalo adauma gwa m'chomwera.
Zaka makumi anayi chili cholumidwa ndi mabawuti pa benchi ya m'galaja,
chidangoti thobo, ngati fupa la nkhalamba.

Ndiye lero tadula mamailosi makumi asanu ndi awiri
a udzu wofiirira wa kum'mawa kwa Montana,
bambo ali phee pampando wa kumanja,
dzanja lawo lakufalo lili pantchafu ngati chipewa choiwalika.
Akana kutsika. Ndasiya injini ikulira kuti asazizidwe.

Musitolo ya Delmar Kjos mumanunkha mafuta a mfuti ndi khofi wopserera.
Wandiyalira makina atatu pathebulo.
Oyambawo ndi abuluu, okhala ndi machubu ndi timbale tozungulira,
ukakoka kamodzi, ntchito zinayi zatheka,
zipolopolo kumagwa m'kabokosi ngati matalala padenga.
Mazana anayi pa ola, akutero Delmar, akusisita ndevu.
Ndamufunsa kuti mazana anayiwo ndilimbana nawo ndani.
Ife timapha mbawala imodzi pachaka, ikatilola,
ndi ankhandwe awiri atatu nthawi yoswa nkhosa.

Achiwiriwo ali ndi mutu wotembenuka,
savuta, sachedwetsa, ndi makina a munthu wanzeru zapakati.
Ndawayesa. Pamwamba pake pali kakugwedera pang'ono,
kochepa kuposa tsitsi,
koma ndidaleredwa ndi munthu amene ankayeza tsitsi.

Achitatuwo akhala kumapeto, obiriwira, olemera ngati mwana wa ng'ombe wobadwa dzulo.
Bowo limodzi, mkono umodzi.
Khoko limodzi lilowe, likonzedwe, lituluke,
lina lidikire nthawi yake.
Mtengo wake ndi theka, ndipo Delmar sakuwayang'ana kwambiri.

Ndikukumbuka madzulo a ubwana wanga:
wailesi yozimitsa, chitseko chotseka,
sikelo ing'onoing'ono ikunjenjemera ndi mpweya wa m'mphuno mwanga.
Lorna, usalankhule munthu akuyeza wonga.
Ndinkafola makoko a mkuwa m'mizere ya khumikhumi,
iwo n'kumasuzumira m'kamwa mwa lililonse ndi tochi,
kuopa limodzi lomwe lamwa kawiri.
Ankati ngozi ilibe phokoso ikamalowa.

Delmar, ndibwereke awa mphindi zisanu.
Wadabwa, koma wanditsegulira chitseko ndi phazi.
Ndawanyamula pamimba, mphepo ikundimenya mbama,
ndawakhazika pachitseko cha kumbuyo kwa galimoto,
ndatsitsa bambo pang'onopang'ono, phazi ili, kenako ilo.
Ndapanikiza chitsulocho ndi thupi langa lonse m'malo mwa mabawuti.

Agwira mkonowo ndi dzanja lamanzere, lomwe silidaphunzire ntchitoyi.
Atsitsa. Akweza. Atseka maso.
Atsitsanso, khutu lili chire,
monga ankamvetsera chifuwa cha kavalo wodwala.
Mawu adawathawa chaka chatha,
adatsala ndi atatu okha, ndipo limodzi ndi lotukwana.
Ndi lomwelo atulutsa, chapansipansi, akumwetulira mbali imodzi.

Ndalipira. Delmar waponyamo kabotolo ka mafuta kaulere
n'kundiuza kuti tsiku lina ndidzabwerera abuluu aja.
Mwina.

Pobwerera dzuwa latsika, mipanda yawaya ikuthamanga chammbuyo.
M'thumba la jekete langa makoko awiri akale akugundana pa bampu iliyonse.
Mawa ndiboola mabowo atsopano pa benchi,
akalewo atalikirana kwambiri.
Zipolopolo makumi awiri zidzatitengera madzulo onse,
ine kuyeza, iwo kuwalitsa tochi,
ndipo ndiwo madzulo amene ndagula.

Bambo agona, mutu pagalasi.
Bokosi ndalimanga lamba pampando wapakati
kuti lisawagwere pamwendo tikamakhota pa mlatho wa njanji.